Tisananyanyale filimu chifukwa cha mwini nkhani: mfundo zofunika kuzilingalira

M'chaka cha 1985, mlembi wa ku America, Orson Scott Card, anatulutsa buku lotchedwa Ender's Game. Ndi nkhani yopeka ya sayansi, ya mtundu uja wa zombo zouluka pakati pa nyenyezi ndi nkhondo zolimbana ndi zolengedwa zochokera kutali ndi dziko lathu. Bukulo linapata mphoto ziwiri zikuluzikulu za olemba nkhani zotere, ya Nebula ndi ya Hugo, ndipo ana ambiri a ku America anakula akuliwerenga. Patapita zaka 28, pa 1 Novembala 2013, filimu yochokera m'bukuli inayamba kuonetsedwa m'dzikolo. Woitsogolera anali Gavin Hood wa ku South Africa, yemwe uja anapanga Tsotsi, ndipo munali akatswiri otchuka monga Harrison Ford, Ben Kingsley ndi Viola Davis.

Filimuyo isanatuluke n'komwe, gulu lina la ku New York loimira anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha, lotchedwa Geeks OUT, linayamba kumema anthu kuti asapite kukaionera. Iwo sankadandaula ndi zomwe zili m'filimumo ayi. Mlandu unali wa Card mwiniwake. Kwa zaka zambiri iye ankalemba zotsutsa maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Mu 1990 analemba kuti malamulo olanga anthu ogonana amuna kapena akazi okhaokha asachotsedwe, ngakhale pambuyo pake ananena kuti sakulimbikiranso zimenezo. Kuyambira 2009 mpaka 2013 anali m'gulu la akuluakulu oyendetsa bungwe la National Organization for Marriage, lomwe ntchito yake inali kulimbana ndi maukwati amenewa. A Geeks OUT ankati munthu wogula tikiti akuthira ndalama m'thumba la munthu amene akulimbana nawo.

Kwa ife a ku Nancholi, Manase ndi Baluti, nkhaniyi ingaoneke ngati ya kutsidya kwa nyanja. Koma funso lake timakhala nalo tsiku ndi tsiku. Timazimitsa wailesi ikayamba nyimbo ya woimba amene analowa chipani chomwe timadana nacho. Timaletsa ana kupita ku vidiyo chifukwa tamva kuti katswiri wakuti ndi wa satana. Timasiya kugula pagolosale ya munthu chifukwa cha zomwe ananena pamaliro. Nazi mfundo zomwe ndikuona kuti n'zofunika kuzilingalira tisanachite zimenezi.

1. Tsatirani njira ya ndalama, muone amene adzamve kuwawa.

Ku America kunyanyala filimu kuli ndi tanthauzo lomveka, chifukwa tikiti iliyonse imawerengedwa ndipo gawo la ndalamazo limabwerera kwa eni filimu. Kwathu kuno zinthu zimayenda mwanjira ina. Filimu imafika ku Nancholi pa fulashi kapena pa memoli khadi, kuchokera kwa anyamata obena nyimbo ndi mafilimu m'tizipinda ta pamsika. Imakaonetsedwa m'kanyumba ka mabenchi, sipika ili panja kukopa odutsa. Pa ndalama zomwe mwana amapereka pakhomo, palibe ngakhale tambala imodzi yomwe imafika kwa Card kapena ku kampani ya Lionsgate, yomwe inatulutsa Ender's Game. Mukamema anthu a m'dera lino kuti asaonere filimu inayake, amene adzagone ndi njala ndi mnyamata wa vidiyo uja, amene mwina sadziwa n'komwe kuti filimuyo inachokera m'buku.

Ngakhale ku America komweko nkhani ya ndalama inali yopota. Manyuzipepala ena analemba kuti Card anali atalandira kale malipiro ake zaka zapitazo ndipo sankayembekezera gawo pa matikiti. Onyanyalawo ankayankha kuti filimu ikatchuka buku limagulidwa kwambiri, ndipo pa buku mlembi amadyapo. Mfundo zonse ziwiri zinali ndi choonadi chake. Komanso filimu ngati imeneyi imapangidwa ndi anthu mazanamazana, osoka zovala, okonza magetsi, ojambula pa kompyuta, ndipo Hood ndi Ford ananena poyera kuti sagwirizana ndi maganizo a Card pa nkhaniyi.

Tili nacho chitsanzo chathu. Mu Epulo 2015, abale athu atazunzidwa ku South Africa, bungwe loimira ogula la CAMA linamema Amalawi kuti anyanyale masitolo a eni a ku South Africa monga Shoprite, Game ndi PEP, ndipo pa tsiku lonyanyalalo masitolowo sanatsegule. Mkwiyo umenewo unali woyenera, ndipo uthenga unamveka mpaka kunja. Koma amene ankaima pa makina olandirira ndalama m'masitolo aja anali ana a ku Zingwangwa, Chilobwe ndi konkuno. Kutseka kwa tsiku limodzi anatha kupirira. Kukanakhala kwa miyezi, oyamba kuchotsedwa ntchito akanakhala iwowo. Sindikunena kuti pa chifukwa chimenechi tisamanyanyale kanthu. Ndikuti munthu woponya mwala azidziwa pomwe ukagwere, ndipo ngati ukagwere pa mnansi wosalakwa, avomereze zimenezo poyera m'malo monamizira kuti akulanga wa kutali.

2. Ionereni kaye ntchitoyo, kapena funsani amene waionera, musanaiweruze.

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ambiri mwa amene amakangana za Ender's Game sanena zomwe nkhaniyo imakamba. Mnyamata wina wanzeru zodabwitsa, Ender Wiggin, amatengedwa kwa makolo ake ali ndi zaka 6, malinga ndi bukulo, n'kupita naye kusukulu ya asilikali ya mumlengalenga. Dziko lili pa mantha chifukwa zolengedwa zina zooneka ngati nyerere zikuluzikulu zinaliukirapo kale, ndipo akuluakulu a nkhondo atsimikiza kuti ana ndiwo angathe kuzigonjetsa. Akuluakuluwo amamupatula dala kwa anzake, amamusiya kuti azunzidwe, cholinga aume mtima. Pamapeto pake amamupatsa chomwe akumuuza kuti ndi mayeso otsiriza pa kompyuta. Iye amapambana mayesowo powononga dziko lonse la adani. Akatha m'pamene amamuuza kuti sanali masewera. Zombo zomwe ankazilamula zinali zenizeni, munali anthu enieni, ndipo mtundu wathunthu wa zolengedwa wafafanizidwa ndi dzanja la mwana. Choopsa kwambiri n'chakuti zolengedwazo zinali zitazindikira kale kulakwa kwake ndipo sizinkafunanso nkhondo, kungoti panalibe njira yomvana. Ender amatsala ndi chisoni chosaneneka, amapeza dzira limodzi la mfumukazi ya zolengedwazo, n'kudzipereka kulifunira malo oti mtunduwo uyambirenso.

M'filimumo mulibe phunziro lililonse la maukwati. Chomwe chilimo ndi akuluakulu ogwiritsa ntchito ana pa nkhondo zawo, n'kuwabisira choonadi kuti manja a anawo asanjenjemere. Kodi nkhani imeneyi ndi yachilendo kwa ife? Tinali ndi a Payoniya, achinyamata omwe anaphunzitsidwa kuti aliyense wofunsa funso ndi mdani wa Ngwazi, mpaka asilikali anawalanda zida mu Disembala 1993. Anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, omwe anafika pafupifupi miliyoni imodzi m'dziko muno, anabwera ndi nkhani za ana ogwidwa n'kupatsidwa mfuti. Pa 19 Julayi 2011 tinaona achinyamata atanyamula zikwanje m'galimoto m'misewu ya Blantyre, kuopseza anthu kutatsala tsiku limodzi kuti zionetsero zotsutsa boma zichitike. Nthawi ya kampeni iliyonse anyamata a m'makwalala athu amapakidwa penti, kupatsidwa kachasu ndi kandalama, n'kutumidwa kukagenda msonkhano wa ena. Otumawo amagona m'nyumba za mipanda. Ine ndingakonde mnyamata aliyense wa ku Nancholi ataona nkhope ya Ender pa nthawi imene wazindikira kuti wapusitsidwa.

Izi sizikutanthauza kuti bukulo lilibe podzudzulira. Mlembi mnzake, John Kessel, analemba mu 2004 kuti nkhaniyi inakonzedwa mochenjera kuti wakupha nthawi zonse azioneka wosalakwa, ndipo woiwerenga amazolowera kumvera chisoni wopha m'malo mwa wophedwa. Kudzudzula kotere ndimakulemekeza chifukwa kukuchokera m'kati mwa ntchitoyo. N'chimodzimodzi ndi momwe Amalawi ambiri anadandaulira ndi Chichewa cha ena mwa osewera mu The Boy Who Harnessed the Wind, filimu ya 2019 ya Chiwetel Ejiofor yonena za William Kamkwamba wa ku Kasungu. Anaionera kaye, anamva ndi makutu awo, kenako analankhula.

3. Siyanitsani zomwe munthu amaganiza ndi zomwe munthu wachita.

Mu Julayi 2016 kanema anaonetsa woimba wa ku Congo, Koffi Olomide, akumenya theche mmodzi wa atsikana ake ovina pa bwalo la ndege ku Nairobi. Dziko la Kenya linamuthamangitsa, ndipo ku Lusaka okonza chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda anamuchotsa pa mndandanda wa oimba. Apa panalibe za maganizo. Panali mkazi womenyedwa anthu akuona. Wogula tikiti ya dansi ya munthu woteroyo akuuza atsikana ovinawo kuti thupi lawo ndi lotchipa kuposa nyimbo. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, koma ife taufutukula mwambiwo mpaka wayamba kuphimba amuna omenya akazi awo, aphunzitsi owononga ana asukulu ndi abusa odya chopereka, bola akhale ndi luso.

Munthu amene angokhala ndi maganizo osiyana ndi anu ali pena. Ngati titati tizifufuza mtima wa aliyense amene anasoka malaya athu, anamanga nyumba yathu, kapena analemba buku la masamu la mwana wathu, sitingatsale ndi kanthu m'manja.

Nkhani ya Card inavuta chifukwa iye anali pakati pa ziwirizi. Sanamenye munthu. Koma sanangosunga maganizo ake mumtima kapena m'tchalitchi mwake. Anakhala pampando m'bungwe lofuna kusintha malamulo okhudza miyoyo ya anthu ena, ndipo anagwiritsa ntchito dzina lomwe analipeza chifukwa cha mabuku ake. Amene amati anangolankhula maganizo ake basi akuchepetsa nkhani. Amene amamuika m'gulu limodzi ndi womenya mkazi akuikulitsa.

4. Muyeso womwe mukuyesera mdani wanu muuyeserenso mnzanu.

Tinene zoona. Anthu ambiri a m'dera lathu akamva maganizo a Card pa za maukwati angamuombere m'manja. Pa 13 Julayi 2023 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anatsogolera khwimbi la anthu m'misewu ya Blantyre kukana maukwati amenewa, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linasiya malamulo olanga mchitidwewu momwe analili. Choncho n'chapafupi kwa Mmalawi kunena kuti a Geeks OUT analakwa, luso lisiyanitsidwe ndi mwini wake, filimu ionedwe payokha.

Chabwino. Tsopano tembenuzani nkhaniyo. Nyimbo za mu The Lion King, filimu ya 1994 yomwe ana athu amaikonda, anazipeka ndi Elton John, amene anakwatirana ndi mwamuna mnzake. Kodi mawu aja oti luso lisiyanitsidwe ndi mwini wake muwanenanso apa? Ngati mumati Card aonedwe pa ntchito yake koma Elton John aonedwe pa moyo wake, ndiye kuti mulibe mfundo ya luso, muli ndi mbali basi. Momwemonso kwa amene ananyanyala Card koma amakwiya wina akanyanyala mlembi wa mbali yawo.

Pa ndale m'pamene timaonekera poyera. Joseph Nkasa ataimba Mose wa Lero kutamanda Bingu wa Mutharika, anthu ena amene ankavina nyimbo zake dzulo lake anayamba kunena kuti munthuyu sadziwa kuimba. Lucius Banda atalowa UDF n'kukhala phungu wa ku Balaka, ena anamutaya, ena anamukondera pomwepo. Mawu a oimbawa sanasinthe, magitala sanasinthe. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti sindifuna kumva woimba wotamanda andale. Koma anene zomwezo woimbayo akamatamanda mtsogoleri wa kumtima kwake.

5. Musamunyoze amene wakana chifukwa chakuti nkhaniyo yamukhudza pathupi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ambiri mwa amene ananyanyala Ender's Game anali anthu omwe analikonda bukulo ali ana. Ankadziona okha mwa Ender, mwana wosalidwa ndi anzake, ndipo bukulo linawaphunzitsa kuti mdani amafunika kumumvetsa. Atakula anapeza kuti mlembi yemweyo analembapo kuti malamulo owalanga iwo asachotsedwe. Munthu wotere akanena kuti ndalama yanga siipita kumeneko, sakuchita matama. Akuteteza ulemu wake ndi chida chokhacho chomwe ali nacho.

Ife a mu Blantyre tinaona ndi maso momwe nkhani zotere zimakhalira zikafika pa munthu weniweni. Mu Disembala 2009 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga anamangidwa atachita chinkhoswe ku Chirimba. Ankabwera nawo kukhoti anthu atadzaza panja, kuseka ndi kukuwiza ngati kwabwera zisudzo. Mu Meyi 2010 anawalamula kukhala kundende zaka 14, ndipo patangopita masiku ochepa Bingu anawakhululukira, mlembi wamkulu wa United Nations, Ban Ki-moon, ali m'dziko muno. Munthu angathe kusunga chikhulupiriro chake pa za ukwati, monga ambiri a ife tinaphunzitsidwira, koma phwete lija la pakhoti linali lochititsa manyazi. Amene ankasekedwawo anali ana a anthu, obadwa m'midzi yathu. Ine sindivomereza kuti chikhulupiriro chilichonse chimatilamula kusekerera munthu ali mu unyolo.

Ndiye mnzanu akakuuzani kuti filimu iyi sindiionera, kapena woimba uyu sindimumvera, yambani mwamufunsa chifukwa. Mwina mayi amene amazimitsa nyimbo ya woimba womenya akazi nayenso ali ndi zipsera zomwe simunazione.

6. Kukana kwanu kukhale kwanu. Musaitane boma kuti likanire aliyense.

A Geeks OUT sanapemphe boma la America kuti liletse filimuyo, kapena kuti limange Card. Anapempha anthu kuti asunge ndalama zawo. Filimu inaonetsedwa, ofuna anapita, osafuna anakhala kunyumba. Ife tili ndi chizolowezi china. Chikatinyansa chinthu, mawu oyamba kutuluka ndi akuti boma lili kuti, a Censorship Board akugona, aletse zimenezi.

Walira mvula walira matope. Lamulo lomwe linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisangalalo ndi la 1968, ndipo amene anakula nthawi imeneyo akudziwa zomwe linabala. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia inaletsedwa chifukwa dzinalo linali la Mama Cecilia Kadzamira. Masamba ankang'ambidwa m'magazini asanafike m'sitolo. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lomwe linatuluka mu 1981, linachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale mu 1985. Mu Sepitembala 1987 mwini wakeyo, mphunzitsi wa pa Chancellor College, anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda mlandu wozengedwa, ndipo anatuluka mu 1991. Ngakhale matipate atabwera, inafika nthawi mu ulamuliro wa Bingu pamene wailesi ya MBC inasiya kuimba nyimbo za Lucius Banda, wailesi yomwe imayenda ndi misonkho ya anthu omwe ankazikonda nyimbozo.

Mphamvu yoletsa ikaperekedwa kwa wolamula siibwerera kwa amene anaipempha. Lero aletsa chomwe chimakunyansani, inu n'kusangalala. Mawa mpando usintha, aletsa mlaliki wanu, woimba wanu, nyuzipepala yanu, pogwiritsa ntchito lamulo lomwelo. Kuteteza ana ku zolaula ndi nkhani ina, ndipo malamulo ake alipo. Koma kuletsa ntchito chifukwa cha maganizo a mwini wake ndi njira yomwe inatifikitsa ku Mikuyu.

7. Musadzinamize kuti mwapambana.

Ender's Game inadya ndalama pafupifupi madola 110 miliyoni kuti ipangidwe, ndipo inabweza pafupifupi 125 miliyoni padziko lonse. Pa filimu ya msinkhu umenewu kumeneko n'kulephera, ndipo gawo lachiwiri silinapangidwe. Ena anathamangira kunena kuti kunyanyala kwagwira ntchito. Koma sabata yake yoyamba filimuyo inali patsogolo pa zonse ku America. Patangopita sabata imodzi kunatuluka Thor: The Dark World, kenako The Hunger Games: Catching Fire, mafilimu omwe anakokolola achinyamata omwewo. Chomwe onyanyala anapindula chooneka ndi maso n'chakuti kampani ya Lionsgate inakakamizika kulengeza poyera kuti sigwirizana ndi maganizo a Card. Chaka chomwecho nkhani ya Superman yomwe Card analembera kampani ya DC Comics inaimitsidwa, wojambula wake Chris Sprouse atachoka pa ntchitoyo chifukwa cha phokoso. Card yekha sanasiye kulemba, ndipo mabuku ake akugulidwabe. Ngati mukukana chinthu kuti chikumbumtima chanu chikhale m'malo, chifukwa chimenecho n'chokwanira pachokha. Musachiwonjezere nkhani zoti mwagwetsa munthu.

8. Kulandira ntchito ya munthu si kumukhululukira mlandu.

M'matchalitchi athu timaimba masalimo omwe timati ndi a Davide, mfumu yomwe inatenga mkazi wa Uriya n'kukonza kuti mwamunayo afere kunkhondo. Palibe mpingo womwe unang'amba masalimo pa chifukwa chimenechi. Koma buku lomwelo lomwe linasunga nyimbo zake linasunganso mlandu wake, ndiponso mneneri Natani amene anamuloza chala pamaso. Ife timakonda kusankha chimodzi. Kaya titaya nyimbo zonse, kaya tikwirira mlandu kuti tizivina mtima uli phee. Mphunzitsi wopereka Ender's Game kwa ophunzira ake angathe kuwauza kuti bukuli ndi lamphamvu, ndiponso kuti mlembi wake ananena zinthu zomwe zinapweteka anthu ambiri, n'kuwasiya kuti azinyamule zonse ziwiri. Ana a Fomu 3 sachepa nazo zimenezi.

9. Dzanja lanu limalemera kwambiri pa mlembi wapafupi.

Card sangamve kanthu Nancholi yense atamukana. Koma mlembi wa kuno, amene amasindikiza mabuku mazana ochepa ndi ndalama za m'thumba mwake n'kumagulitsa yekha pa misonkhano, mphekesera imodzi ya pa WhatsApp ingathe kumuthera. Nkhani zopeka za sayansi zayamba kumera kwathu kuno. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa wa zaka mazana akubwerawa. Buku la Imagine Africa 500 linasonkhanitsa olemba a m'maiko angapo, kuphatikizapo Amalawi monga Muthi Nhlema. Pa mafilimu tili ndi Shemu Joyah wa Seasons of a Life ndi The Last Fishing Boat, komanso Joyce Mhango Chavula. Ntchito ya olemba nkhani za m'tsogolo ndi kufunsa mafunso omwe ena akuwaopa: bwanji chipembedzo chitasintha, bwanji mafumu atatha, bwanji banja litakhala mwa mtundu wina. Tikazolowera kufunsa kaye kuti mlembiyu amapemphera kuti, amavotera ndani, ndi wa chigawo chiti, tisanatsegule buku lake, olemba athu adzaphunzira kulemba zokhazo zosakhumudwitsa aliyense. Dziko lino ndi laling'ono, timadziwana mpaka agogo. Pamene a ku America amanyanyala dzina la pa chikuto, ife timanyanyala munthu amene tidzakumane naye mu minibasi ya ku Limbe, amene ana ake ali kalasi imodzi ndi athu.

Palinso mbali yomwe siikambidwa. Ambiri a ife sitinalipirepo mlembi kapena woimba aliyense. Timabenetsa nyimbo pamsika, timatumizirana mabuku pafoni, bungwe la COSOMA n'kumalira lokha. Munthu amene sanaperekepo kanthu kwa olemba omwe amawakonda alibe choti awamane omwe amadana nawo. Kukana kumakhala ndi mphamvu m'manja mwa munthu amene amagula.

10. Kwathu kuno filimu ili ndi mwini wachitatu.

Pali wolemba buku, pali wopanga filimu, ndiye pali DJ womasulira m'Chichewa. Mafilimu ambiri omwe ana amaonera m'mavidiyo a ku Nancholi, Ndirande ndi Bangwe amafika atadutsa pakamwa pa anyamata amenewa. Luso ali nalo, ndipo atsegulira anthu osadziwa Chingerezi, Chihindi kapena Chitchaina nkhani zomwe sakanazimva. Koma samangomasulira. Amapatsa anthu a m'filimu mayina atsopano, amadula pomwe paawatopetsa, amaika nthabwala zawo. Ena mwa iwo mkazi akangotulukira pa sikirini amayamba kufotokoza thupi lake. Wolumala akaoneka amamusandutsa choseketsa. Munthu akamaphedwa amakuwa ngati wagoletsa chigoli. Filimu yonga Ender's Game, yomwe mtima wake uli pa chisoni cha mwana wopusitsidwa, ingathe kutuluka pa sipika ngati chikondwerero cha mwana woopsa amene waphulitsa adani onse.

Kholo lodera nkhawa maganizo omwe akulowa m'mutu mwa mwana wake lisavutike kufufuza za mlembi wa ku America amene mwanayo sadzamva dzina lake. Mawu omwe mwanayo amabwera nawo kunyumba, omwe amawabwereza posewera ndi anzake, ndi a womasulira uja. Mwini vidiyo timamudziwa, amakhala m'dera lomwelino, ndipo mayi ake timakhala nawo pa chitsime ndi ku mpingo. Tingathe kulowa tsiku lina masana, kulipira pakhomo, kukhala pa benchi ya kumbuyo ndi kumva tokha zomwe ana a Sitandade 4 akumva nthawi yomwe anayenera kukhala m'kalasi. Tikatuluka tingathe kumuitanira pambali mnyamatayo n'kumuuza mafilimu omwe sitikufuna aonetsedwe ana alipo, ndiponso maola omwe ana a yunifolomu asaloledwe kulowa. Akakana, amfumu ndi komiti ya sukulu alipo.